Malire Oyenda a Malume Chikhomo

Anthu ena amayenda ndi ndodo. Malume Chikhomo ankayenda ndi malire a malo awo paphewa. Sindikunama, ndipo amene mukuwerenganu musadumphe, nkhaniyi palibe wina adzaisimbe. Malirewo anali chikhomo chachitsulo chopaka penti yofiira, ndipo pomwe achikhomera, basi, malo awo afika pomwepo.

Lamulo ankalidziwa mbali imodzi yokha: mlenje, ngakhale akhale ndi laisensi, salowa m'malo a mwini popanda chilolezo. Ndiye ankati akamva agalu kuseri kwa kathengo kawo, liwiro, mabatani osamanga. Apeze gwape wapanikizidwa, chikhomo kho! pakati pa gwape ndi mfuti.

“Ali mwanga ameneyu.”

“Madala,” anatero mlenje wina wandevu, “dzulo malire anu anali kumtengo uko!”

“Nanga iwe dzulo unali pano? Aliyense amayenda.”

Tsiku lina anachedwa, chikhomo n'kugwera pamimba penipeni pa gwape.

“Miyendo yakutsogolo ili mwanga. Womba yakumbuyoyo, koma ukangokanda yangayi tikaonana kukhoti.”

Wandevu uja akuganizabe, miyendo yonse inayi inali italowa kale m'thengo.

Musaganize kuti ndi a zanyama ankamvana. Mkulu wa yunifolomu atabwera kudzawauza kuti nyama zakutchire n'za boma, osati zawo, malume anamukokera m'nyemba zodyedwa.

“Onani zimene achita ana a bomawo! Kauzeni makolo awo adzawatenge!”

“Chabwino, tidzawasamutsa.”

“Mukhudze mmodzi muone!”

Azakhali, akazi awo, ankangogwira m'chiuno. “Mbuzi zathu simuzidziwa n'komwe, koma gwape akatsokomola mumamva.”

Ine malumewo ndinkawaseka pamodzi ndi anzanga, ndipo ndikanawasekabe lero akanakhalapo. Anadwala mvula itangoyamba. Ali pamphasa anafunsa mwana wawo wamkulu ngati uja wotsimphina wabereka. Mwanayo anayesa akunena mpongozi, pomwe iwo ankanena gwape.

Maliro atatha, anawo anagawana malo. Anaitana oyeza malo, anaika zipilala za simenti zosasuntha, kathengo kaja thirakitala n'kukagwetsa. Alenje anabwera sabata yoyamba, yachiwiri, kenako anasiya okha. Wandevu uja masiku ano amangokhala pagolosale, agalu ake akuyasamula. Kuno kwangoti zii, ndipo ziiyo ikundisowetsa pokhala. Chimalizireni sukulu ndimangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Dzana ndinaona gwape mmodzi m'mphepete mwa mizere yatsopano, khutu ili uku, ili uko, kusowa kolowera. Kumsewu kunkabwera anyamata ndi agalu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaletse, koma ndiwaletse monga ndani? Ine ndilibe ngakhale pobzala tsabola. Ndinangotola mwala n'kumugenda gwapeyo kuti athawe.