Mfuti ya Ada Imakokera Kumanzere

Lolemba
Anyani akutha chinangwa cha Ama kumunda. Nthawi ya Ada, malemu bambo anga, sankayerekeza n'komwe! Basi, ndatsitsa mfuti yawo kudenga. Chimwalirireni eni ake palibe waiombapo, ine ndinangosinthitsa dzina pachiphaso. Pofika Loweruka ikhale ikulasa ngati kale. Thabwa lake likununkhirabe fodya wawo. Ndakhala nayo pamiyendo mpaka tiyi kuzizira.

Lachiwiri
Tsiku lotsuka. Zotuluka mumpope: dothi la mavu, mphemvu youma, dzimbiri. Zolowamo: sipoko ya njinga, kansanza, mafuta a mashini osokera a Ama (sakudziwa). Yawala bwanji! Anyani inu, lapani.

Lachitatu
Kuyesa. Ndaika papaya pachitsa kuseri kwa nyumba, ndatsinzina diso limodzi ngati Ada. Phuu! Papaya ali phee. Koma chidebe cha aneba athu a Longwe, choviikamo chinangwa, chili kumanzere uko, chikuchucha.
"Bambo ako sankalimbana ndi zidebe," atero a Longwe.
Phewa likuwawa koopsa. Mkulu uja ankapirira bwanji?

Lachinayi
Ndiye kuti imakokera kumanzere. Nzeru: kuloza kumanja kuti zikumane pakati. Ndaloza. Mkoko wa nthochi wagwa, wosakhwima. Papaya akadali moyo, wayamba n'kupsa.
Asibweni akuti vuto ndi mwera. Mkazi wanga akuti vuto ndi wogwira.
Ada akanakhalapo ndikanangowafunsa. Akanayamba andiseka kaye, kenako n'kundionetsa. Ndawasowa, abale.

Lachisanu
Ndalipeza vuto! Kachitsulo koyang'anira kunsonga kwa mpope n'kopindika. Mfuti ndaikulunga mumkeka mpaka kwa owotcherera zitsulo pa Chintheche.
"Zazing'ono izi, bwana."
Hamala kho! Kachitsulo kathothoka, kagwera mumchenga. Tafunafuna tonse, ndi odikira minibasi omwe. Zopezeka: msomali, batani, chitsekerero cha botolo. Kachitsulo ayi. Mayo ine!

Loweruka
Ndawauza Ama kuti mfuti yatha ntchito. Aseka mpaka misozi. Kuseka kwatha, misozi sinasiye.
"Mwana iwe, Ada ako sanaphepo nyani ngakhale mmodzi. Mfutiyo ankangoikoleka paphewa. Akafika pamtengo wamango paja ankatsokomola, anyani onse liwiro kuthengo. Ankachidziwa chifuwa chawo."
Ine sabata yonse ndi dzimbiri!

Lamulungu
Tchalitchi ku Bandawe, kenako kumunda. Mfuti paphewa, yopanda chipolopolo. Ndaima pamango paja. Ndatsokomola. Nyani wamkulu wandiyang'ana, akutafuna. Ndayesa cha kukhosi. Ndayesa cha pansi pamimba, mpaka kutsamwa. Wazula china.
Ndatseka maso kuti ndimve mmene Ada ankatsokomolera, poti moyo wanga wonse ndinkadzuka nako m'mawa. Nkhope yabwera. Chipewa chabwera. Kutsokomolako sikukubwera, ndaiwala.
Ndakhala pansi. Adye.