Poloni ya ku Kabwe

Mpaka lero apongozi anga a ku Kabwe akaimba foni, asanafunse za moyo wanga amayamba afunsa ngati ana adya, ndipo ngati adya, wawapatsa chakudyacho ndani. Sindiwadandaula. Ndinaziputa ndekha.

Mkazi wanga, mayi a Takondwa, kwawo ndi ku Zambia. Agogo awo anachoka ku Chipata kalekale kukagwira ntchito ya njanji ku Kabwe, mtundu wonse n'kukhazikika komweko, ku komboni ya Bwacha. Ine ndine wa ku Zomba, ndipo aka kanali koyamba kupitako ndi ana, ku ukwati wa mlamu wanga. Kutatsala tsiku limodzi, nyumba inadzaza azimayi, mapoto ndi phokoso. Ine ntchito ndinalibe (mkamwini kwa eni ake amangosuntha mpando kutsatira mthunzi). Ndiye ndinadzipereka kuti ndikawayendetse ana m'tauni, akaone dziko.

Mayi a Takondwa anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa. Mwana wathu wamng'ono, Mwayi, wa zaka zisanu, sayanjana ndi mtedza. Si nkhani ya tiziwengo ayi. Akangolawa kansinjiro milomo imatupa, kukhosi kumatseka, mwana n'kumapuma movutika. Tinagonapo naye kuchipatala, ndipo masiku amenewo sindifuna n'kuwakumbukira komwe.

"Zogula mumsewu ayi, bambo a Takondwa. Mwamva? Tengani chikwama ichi, mankhwala ake ali momwemo."

Chikwamacho chinali cha maluwa ofiira, akuluakulu ngati mbale. Alamu anga aamuna anali pakhonde akundiyang'ana. Ndinachilandira ndi manja awiri, koma titangotuluka pageti ndinachikankhira kuseri kwa mpanda. Ine bambo wa ndevu zanga, kuyenda m'tauni ya eni ndi maluwa m'khwapa? Ndinati tingopita n'kubwera, palibe chichitike.

Tinakwera minibasi mpaka m'tauni. Ndinawaonetsa mtengo waukulu wa mkuyu uja, umene aliyense amakuuza kuti usachoke ku Kabwe usanauone. Takondwa, mkulu wake wa Mwayi, anauyang'ana kuyambira pansi mpaka kumwamba n'kufunsa ngati tavutikira zomwezi. Tinapita kunjanji kukaona sitima, sitimayo osabwera. Dzuwa linali likuswa mtengo. Kenako inayambika nyimbo imene kholo lililonse limaidziwa: "Adadi, njala."

Poyamba ndinalimba mtima. Kenako ndinaganiza kuti mafilizesi si chakudya, ndi madzi oundana chabe, ndiye ndinawagulira ofiira. Titafika chakumsika tinapeza vitumbuwa (dzina lisakunamizeni, kwathu timati mandasi). Apa ndinasamala kwambiri. Mayi wogulitsayo ndinamufunsa za ufa, za mafuta, mpaka za poto amene anakazingira, ngati wapolisi. Ana anadya, palibe chinachitika. Mtima unayamba kukula. Ndinayamba kuganiza kuti mayi a Takondwa amangokokomeza zinthu.

Chapatsogolo pang'ono panali mayi wina, beseni pamiyendo, akucheka chinthu chofiirira ndi mpeni n'kumawaza mchere ndi tsabola. Poloni! Apa sindinafunse kanthu. Ndifunsenso chiyani? Poloni ndimaidziwa ine, ndinakulira m'tauni. Ndinagula zidutswa zitatu, aliyense chake, changa n'kuuza mayiyo kuti awonjezere tsabola.

Ndinaluma koyamba, ndinamva kukoma. Ndinaluma kachiwiri, lilime linayamba kundiuza nkhani ina. Kukomako ndinkakudziwa, koma osati kwa nyama. Kunali kukoma kwa masamba otendera.

"Mayi, kodi poloni imeneyi ndi ya nyama yanji?"

Anaseka mpaka beseni kugwedera. "Iyi si nyama, atate. Ni chikanda. Tipanga na tumizu twa mu sanga, na nshawa zambiri. Ine sinimana nshawa, funsani aliyense."

Nshawa! Mawu amenewa ndimawadziwa bwino, chifukwa ndi amene mayi a Takondwa amatchulira mtedza akamandichenjeza za Mwayi. Ndinatembenuka kuyang'ana mwana. M'manja mwake munalibe kanthu. Milomo yake inali psuu!

Abale anga, mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndinapisa dzanja m'khwapa kufuna chikwama, ndipo mpamene ndinakumbukira kuti chili ku Bwacha, kuseri kwa mpanda, chikusangalatsa nkhuku. Ndinanyamula Mwayi n'kuliyatsa liwiro, osadziwa n'komwe kumene kuli chipatala.

"Imwe! Atate! Mwasiya mwana winangu!" anakuwa mayi wa chikanda uja.

Ndinabwerera, n'kumukoka Takondwa amene anali akunyambitabe zala. Msika wonse unaima kuonera. Bambo wina wachifundo anatiimitsira takisi, ine n'kugweramo ndi ana ngati matumba a chimanga.

"Adadi, ine..."

"Khala chete, Mwayi! Usalankhule, uzingopuma!"

"Koma adadi..."

"Ndati puma!"

Ndinayamba kupemphera, mapemphero onse amene ndinaphunzira ndili mwana, ena kuyambira pakati. Thukuta linalowa m'maso, ndiye ndinapukuta ndi dzanja. Dzanja lomwe lija la tsabola wowonjezera. Mayo ine! Maso anayaka moto, misozi chuchuchu, mamina osanena. Foni inayamba kulira m'thumba la malaya, ine osaona chilichonse, ndiye Takondwa anaisolola n'kuyankha. (Mwana ameneyu kusukulu amavutika kufotokoza nkhani mwachidule, koma tsiku limeneli anakhoza bwino kwambiri.)

"Amayi, tili m'takisi, tikupita kuchipatala. Adadi anamupatsa Mwayi mtedza. Panopa akulira. Chikwama anachibisa kumpanda."

Woyendetsa takisi anatenga foni n'kufotokoza chipatala chimene tinkapita. Ine ndinangomukumbatira Mwayi, khutu langa pachifuwa pake, kumvetsera ngati mpweya ukulowabe. Mumtima ndinkangoti mwana wanga afere maluwa a pachikwama, afere manyazi anga.

Kuchipatala ndinalumpha mzere wonse ndikukuwa za mtedza. Namwino wina wachikulire anatiyang'ana, mwana ali phee m'manja, ine maso otupa, ndikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

"Odwala ni ndani apa? Imwe olo mwana?"

Anamukhazika Mwayi pabedi, n'kumuyang'ana kukhosi, n'kumumvetsera pachifuwa. Kenako anatenga thonje lonyowa n'kumupukuta milomo. Kufiira konse kunatsalira pathonje. Anali mafilizesi aja.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Mayi a Takondwa, mpango uli pambali, chikwama cha maluwa m'manja. Pambuyo pawo apongozi anga, ufa mpaka m'zigongono, korona ali m'dzanja. Mapoto a ukwati anawasiya pamoto. Mkazi wanga sanandiyang'ane n'komwe. Anagwada pamaso pa mwana.

"Mwayi, wadya chiyani, mwanangu?"

"Filizesi ndi mandasi."

"Nanga chimene anakupatsa adadi chija?"

"Sindinadye. Ndinawaikira m'thumba la kumbuyo. Ndimafuna kuwauza, koma amangoti ndizipuma."

Ndinapisa dzanja kumbuyo kwa buluku. Chinalimo, chikanda cha eni ake, chitaphwanyika bwinobwino chifukwa ndinachikhalira ulendo wonse wa takisi. Chinali chitasiya chizindikiro chofiirira pamalo oipa kwambiri, ndipo ndi mmene ndinadutsira pamaso pa mzere wonse uja. Namwino anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedera. Ine ndinakhala pansi penipeni, n'kulira kachiwiri, ulendo uno popanda tsabola.

Namwino uja atapezanso mpweya anamusisita Mwayi pamutu. "Iwe ndiwe wochenjera. Anakuphunzitsa ndani?"

"Amayi. Anati chinthu chimene sindikuchidziwa ndisamadye, ngakhale andipatse munthu wamkulu." Anaima pang'ono, n'kundiyang'ana mwachisoni. "Anati makamaka adadi."

Apongozi anakhosomola n'kuyamba kuwerenga zolembedwa pakhoma. Ndinayang'ana mkazi wanga, kuyembekeza kuti mwina akana, mwina anena kuti mwana wawonjezera. Sanakane. Anangondipatsa chikwama chija n'kunena motsitsa mawu kuti, "Gwirani."

Ndinachigwira. Ndinachigwira kutuluka m'chipatala, ndinachigwira m'minibasi, ndinachigwiranso mawa lake m'tchalitchi. Pa zithunzi zonse za ukwati wa mlamu wanga pali bambo wina wamaso ofiira, wavala suti, maluwa ali m'khwapa. Alamu anga aamuna amanditcha ba Chikanda mpaka pano, ndipo ndimayankha.

Masiku ano ndimafunsa chilichonse. Ngakhale nthochi ndimafuna kudziwa mbiri yake. Za dzina lija ndi zithunzi zija sindidandaula, zimenezo ndi zoseketsa. Chimene chimandiwawa ndi china. Dzana lomweli ndinamusendera Mwayi lalanje ndi manja anga, m'nyumba mwanga mwenimweni. Analandira mwaulemu, n'kunena zikomo, kenako anatembenuka kuyang'ana kaye amayi ake.