Mizere ya Atsibweni

Munthu amene anatiuza kumaphunziro kuti ana amamva msanga ukamawaphunzitsa ndi nthano, ndimamupempherera moyo wautali. Ndikufuna adzaone yekha matuza ali m'manja mwangamu.

Ndinali nditangofika kumene pasukulu ina cha ku Lobi, ndipo ana a Sitandade 6 ankawodzera ndikamaphunzitsa za kukokoloka kwa nthaka. Ndiye ndinati mundiona. Ndinawapekera nthano ya mlimi wouma mutu, wolima mizere yotsetsereka ndi phiri, mvula n'kumukokolera mbatata yonse ya kachewere kudambo. Kupeka kwakenso kunali kwaulesi: ndinangotenga munda womwe ndinkaudutsa m'mawa uliwonse, mwini wake, chipewa chake chofiira ndi galu wake wa khutu limodzi. (Dzina lokha ndinasintha, poti ndine wochenjera.)

Kalasi yonse inadzuka. Ana anaseka mpaka misozi, ine n'kumadzimva ukatswiri, ndipo ndinawonjezapo kayendedwe ka mkuluyo. Mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa ngati galuyo ndi Tiyese. Ndinamuyamikira chifukwa chotsatira bwino phunziro.

Loweruka lake ankhoswe anga anandiperekeza kukaonekera kwa atsibweni ake a Nachisale, mkazi amene ndikufuna kumanga naye banja. Kuno atsibweni akakana, basi, nkhani yathera pomwepo. Titalowa pabwalo, woyamba kutilandira anali galu wa khutu limodzi. 

Mkuluyo anatipatsa mipando n'kutilonjera mwaulemu wonse, chipewa chija chili pabondo. Kenako anati adzukulu awo anabwera ndi nthano yokoma kuchokera kusukulu, ndipo mudzi wonse waimva, mpaka kutchalitchi.

"Mbeta ilipo, aphunzitsi," anatero. "Koma ine ndine mbuli, mizere sindiidziwa. Muyambe mwandiphunzitsa kaye. Munda mukuudziwa kale."

Munda umenewo, abale anga, ndi phiri lathunthu. Chilimwe chonse ndakhala ndikugwira khasu Loweruka lililonse, iwo atakhala pamwala n'kumandiyamikira kuti ndimafotokoza momveka bwino. Nachisale amabwera ndi thobwa, n'kumaseka nawo (chikondi chake ndi chotero). Ndimachita manyazi, koma mkaziyo ndimamufuna, ndiye ndimalima.

Nthano sindinasiye, koma masiku ano anthu ake onse amakhala a kutali, komwe kulibe wachibale wa munthu.

Mzere womaliza ndinaunga dzulo, n'kufunsa mwaulemu za yankho lija. Anati ndisathamange. Kuseri kwa phiri ali ndi munda wina, nawonso ndi wosaphunzira.