Mutu Wanga pa Windo la ku Labu

Anzanga, mukandiona ndikudzigwira makutu podutsa pafupi ndi windo musandifunse zambiri, nkhani yake ndi iyi.

Tili ndi gulupu ya pa foni ya aphunzitsi a sayansi m'boma la Karonga, kuyambira ku Iponga mpaka ku Chilumba. Tinaiyambitsa kuti tizigawana mafunso a mayeso ndi kubwerekana zipangizo za mu labu, koma anthu anaisandutsa pabawo. Kukacha mpira, masana mtengo wa mpunga, madzulo mtsutso wa nthochi, theka lake m'Chinkhonde, ine wa ku Dedza ndili maso phethiphethi. Tsiku lina ndinatopa nazo n'kulemba uthenga wautali ngati ulaliki, kuti aliyense wolemba zosakhudza sayansi azichotsedwa kwa sabata. A Msiska a ku Chilumba, omwe ndi adimini, anavomera. Woyamba kugwa m'lamulolo anali Madamu Mwangosi, ophunzitsa bayoloje pasukulu yoyandikana ndi yathu kuno ku Mwenilondo. Mlandu wawo? Anafunsa ngati wina akudziwa telala wabwino. Wowaneneza ndinali ine, ndipo ndinagona tulo tabwino zedi.

Loweruka la sabata yomweyo ndinapita kusukulu ndekha kukakonzeratu zoyeserera za Fomu 4. Ndili m'kachipinda kosungiramo mankhwala, mphepo inangoti chitseko phaa! Ndinagwira chogwirira, kupotokola, chogwiriracho n'kutsalira m'manja mwanga. Mwezi wa Okutobala, malata pamwamba, inu mukudziwa dzuwa la Karonga silichita manyazi.

Kuti ndiimbe foni? Mayunitsi ndinalibe, ndinali ndi bandulo ya macheza yokha. Mayi a kunyumba anali ku Dedza kumaliro, ahedi athu foni yawo ndi ya mabatani, alonda amabwera madzulo. Anthu okhawo omwe ndinkadziwa kuti ali maso pa foni anali a m'gulupu ija. Koma ndilembe bwanji, wopanga lamulo ndili ine? Ndiye nzeru zinandibwerera, zija zimabwera munthu ukatenthedwa. Ndinalemba kuti: "Funso la fizikisi. Munthu watsekeredwa m'chipinda, chogwirira cha chitseko chazuka. Fotokozani momwe angatulukire msanga."

Abale, sayansi yomwe ndinkailira ija inafika tsiku lomwelo! A Msiska anati agwiritse ntchito chitsulo chotukulira, n'kujambula mivi yosonyeza mphamvu. A Mhango a ku Iponga anati funsolo ndi losakwanira, tiuzidwe kaye kulemera kwa chitsekocho. Wina anati mahinjesi ali mbali iti? Wina n'kuti funsoli ndi la silabasi yakale. Ine thukuta kamukamu, iwo akukangana za mamalikisi.

Ndinaona kuti pano ndifera anthu akutsutsana, ndiye ndinakwera pa sitululu kuti ndisuzumire pawindo, mwina kungadutse munthu. Windolo lili ndi zitsulo zotchingira akuba. Ndinatulutsa manja ndi foni, kenako ndinapendeka mutu, unadutsa bwinobwino ngati waitanidwa. Kunja kunalibe munthu, mbuzi zokhazokha. Pobweza mutu uja, makutu anakana. Ndinayesa uku, ndinayesa uku, ayi ndithu. Kodi munadziwa kuti makutu amapinda mbali imodzi yokha? Ine ndaphunzitsa sayansi zaka zonsezi, ndinadziwira pamenepo.

Munthu wanzeru akanaulula. Ine ndinalemba kuti: "Gawo lachiwiri. Mutu wa munthu uja wapanikizika pa zitsulo za pawindo."

A Mhango anasangalala zedi. "Apa ndiye funso lakoma! Atenthe zitsulozo ndi moto, zifutukuka." A Msiska anati ayi, aziziritse mutuwo ndi madzi a mufiriji, ufota. Apo ndinazindikira kuti sitululu ikangoterereka, nkhani yanga ithera pomwepo, khosi lili pa chitsulo. Manyazi onse anathawa. Ndinalemba kuti: "Munthuyo ndine Kamwendo. Chonde thandizeni, si nthabwala."

Kenako a Msiska: "A Kamwendo, pepani chomene, koma uthenga uwu mulibe sayansi." Foni n'kundiuza kuti ndachotsedwa m'gulupu. Ndinalira, anzanga, misozi yeniyeni, mbuzi zikundiyang'ana.

Osadziwa kuti a Msiska, asanandichotse, anali ataimbira kale munthu wokhala pafupi kwambiri ndi sukulu yathu. Posakhalitsa ndinamva njinga yamoto. Akutsikapo ndani? Madamu Mwangosi, atanyamula botolo la mafuta ophikira, amuna awo ali pambuyo ndi pulayazi. Anali atasiya mpunga pamoto.

"Asambizgi, mwatandala uli?" anandilonjera m'Chitumbuka, nkhope ili phee, ngati tapezana pamsika.

"Madamu, ndinakulakwirani."

"Za milandu mawa. Tsekani maso, tsitsani chibwano."

Anandithira mafuta m'makutu, m'khosi, mpaka mu kolala ya shati, n'kupinda makutu anga onse awiri ndi zala, kukankha mutu mwaulemu ngati akubwezera mwana wa ng'ombe m'mimba. Unangoti pulu! Ndinagwera m'kati, ndikuthokoza m'zilankhulo zonse, yewo, ndaga, zikomo, mpaka ndinakumbukira kuti ndikadali wotsekeredwa. Amuna awo ndiwo anatsegula chitseko, akuseka mpaka pulayazi kugwa. Ananditengera kwawo, kundipatsa madzi osamba ndi shati ya bambowo, ndipo mpunga wopserera uja tinadya limodzi. Sanajambule chithunzi ngakhale chimodzi. Anthu amenewa Mulungu aziwaona.

Lolemba ndinapempha a Msiska kuti lamulo lija lithe, tonse awiri atibwezere. Anatibwezera, ine n'kumati nkhani yafera pomwepo. Kenako anafika mayeso oyeserera a masukulu a m'dera lathu, pepala la fizikisi atalemba a Msiska. Ndikuchonga, ndinangoona funso: "Mphunzitsi wina wapanikizika mutu pawindo. Fotokozani ntchito ya mafuta." Ana anga onse analikhoza, ngakhale aja salemba kanthu. Mtsikana wina anawonjezera chojambula, muvi utaloza khutu, pansi atalemba mwaukhondo kuti "a Kamwendo".

Ndinamupatsa mamalikisi onse, nanga akunama? Koma ndalumbira, mutu wanga sudzalowanso pamalo pomwe sindinayeze ndi rula, ndipo wofuna telala m'gulupu muja, ndidzamuperekeza ndekha.