Mpando wa Asesa Umene Sindinautenthetse

Ku Kabwata kuno alipo anthu amene mpaka lero amanditcha "ba Jaji", ndipo ndikamva dzinalo ndimawoloka msewu. Ndifotokoze ndekha mmene linabwerera, chifukwa ena akamasimba amathira mchere wambiri.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi. Tcheyamani wa nthambi yathu anapereka dzina langa kukhoti lina m'tauni, akuti ndine mkulu wodziwa miyambo ya kum'mawa. Kalata itafika ndinaiwerenga ndekha (sukulu ndinayamba ndili ndi ndevu, yamadzulo, ndiye kalata yanga saigwira munthu wina). Zonse ndinamva kupatula liwu limodzi la Chingerezi loti empanel. Ndinapita nalo kwa kalaliki wa khotilo.

"Ndiye kusankha anthu othandiza kuweruza n'kuwakhazika pa mlandu," anatero. "Kwa azungu amakhazika khumi ndi awiri, ndipo amagamula okha. Kuno timakhazika awiri, maasesa, ongolangiza majisitireti za mwambo. Koma ba mdala, kalata yokha sikhazika munthu. Poyamba timaitana dzina, kenako timafunsa ngati..."

Zotsalazo sindinamve. Mutu unali kale kwa telala.

Ndinasoketsa suti ya safari. Ndinauza akulu ampingo, iwo n'kulengeza pa Sabata (sindinawaletse). Mkazi wanga, amake Yona, anati sangaphonye kuona mwamuna wake pampando wapamwamba. Tsikulo tinakwera minibasi limodzi, iwo atamanga duku latsopano.

Tsono pali nkhani imene amake Yona sankaidziwa. Ndisanabwere ku Lusaka ndinali ndi mkazi ku Katete, dzina lake Tisauke. Ndinamuuza kuti ndikagwire ntchito miyezi isanu ndi umodzi, ndigule njinga, ndibwerere. Sindinabwerere, ngakhale kalata sindinatumize. Panthawiyo kulemba sindinkadziwa, ndipo pamene ndinadziwa manyazi anali atakula kale.

Kukhoti anatiitana mayina, ine ndi mkulu wina wa ku Chelstone, n'kutikhazika pambali pa majisitireti. Mlandu unali wa mtsikana amene mwamuna wake anamusiya n'kukakhala ndi wina ku Woodlands. Ndinayamba kale kusanja mawu okalipira mnyamatayo. Kenako ndinayang'ana mayi amene anaperekeza mtsikanayo, azakhali ake. Imvi zinali zitabwera, koma kupendeketsa mutu kuja kunali komweko. Anali Tisauke.

Majisitireti anatifunsa ngati tikudziwa munthu aliyense wa mbali ziwirizo. Apa munthu wanzeru akanavomera n'kutsika mwaulemu. Ine ndinaona duku la amake Yona pabenchi yachiwiri, ndinati, "Palibe, bwana." Ndinkayesa kuti zatha, ndakhazikika. Kumeneko n'kumene kalaliki uja ankapita ndi mawu ake: amafunsanso eni mlandu ngati pali asesa amene akumukana.

Tisauke anakweza dzanja mwaulemu.

"Mayi, mlandu si wanu," anatero majisitireti.

"Ndikudziwa, bwana. Ndingofunsako. Awo a suti yatsopano, njinga anaipeza?"

"Njinga yanji?"

"Anachoka kumudzi nthawi ya Chitaganya, akuti akukagula njinga. Ndine mkazi wawo. Ukwati sunathe, ankhoswe sanakhalepo pansi."

Khoti lonse linaseka, ngakhale mnyamata woimbidwa mlandu uja (makamaka iyeyo, wopanda manyazi; ndikakumbukira mano ake mtima umandiwira). Majisitireti anavula magalasi.

"Bambo, zosiya akazi mukuoneka kuti mumazidziwa bwino, koma mwakhala mbali yolakwika. Ndiponso mwanama m'khoti. Tsikani msanga ndisanaganize zambiri."

Masitepe anali atatu okha, koma ndinatsika ngati ndikuchokera pamwamba pa phiri, nsapato zatsopano zikulira pa sitepe iliyonse.

Panja amake Yona sanakuwe. Bola akanakuwa. Anadikira mlandu uimitsidwe, n'kupita kwa Tisauke, anapinda bondo, nati, "Amayi aakulu, mwafikira kuti?" Anayankha kuti ku Chunga, kwa mtsikanayo. Anacheza pansi pa mtengo ola lathunthu, ine chiimire padzuwa, ndipo kawiri konse onse awiri anatembenuka n'kundiyang'ana ngati mbuzi imene agula modula.

Pobwerera, m'minibasi yodzaza anthu a kwathu, amake Yona anakweza mawu. "Ba Jaji, pa Chiwelu muzayenda ku Chunga kukapepesa. Nabalonjeza."

"Ndipita," ndinatero.

Loweruka limenelo kunagwa mvula. Lotsatira kunali maliro kumpingo. Loweruka lachitatu bondo linandivuta, ndipo amake Yona anapita okha ndi nkhuku. Kuchokera pamenepo awiriwo amatumizirana mtedza ndi sopo ngati pachibale, Tisauke anakhazikika ku Chunga komweko, ndipo ine sandiuza kanthu. Ulendo wake ndi wa minibasi ziwiri zokha, ndimadziwa ndi pokwerera pomwe. Zaka zapita, koma Loweruka lililonse m'mawa amake Yona amandiikira tiyi patebulo, amaima pang'ono, n'kufunsa, "Lero ndi lachingati?"