Mapepala Oyera a Lufeyo

Mwambi uwu, ana inu amene mukuyenda ndi maenvulopu m'khwapa kusaka ntchito, unayamba motere, ndipo unayambira pa Nsipe pompano.

Tsiku limene Lufeyo ananyamuka kupita ku Limbe kukalembetsa ntchito ya ku Dubai, pamsewu panali anthu awa: mkazi wake Ndaziona ali ndi mwana kumsana, malume ake a Chimbalanga, alamu ake awiri amene ankalimbirana kunyamula kachikwama kamodzi, ndi amayi atatu a kwaya amene palibe anawaitana. Amene panalibe ndi a Kadzamira, aphunzitsi opuma, munthu yekhayo m'mudzi monse wodziwa za mapepala. Iwo anali atalawirira kumaliro ku Bilira, ndipo kuchokera kumeneko anapitirira kwa mwana wawo ku Kasungu. Akanakhalapo, mwambi uwu sukanabadwa.

Lufeyoyu ndiye yekha pa mtundu wawo amene anali ndi satifiketi ya Folomu 4. Mayeso analemba katatu, koma anaitenga. Satifiketiyo inakhala zaka zisanu ndi zinayi pansi pa sutikesi. Mphemvu zinadyako ngodya imodzi, denga linaidonthera pakati, ndipo pafupi ndi dzina panali banga la mafuta a nyale. Mwini wake ankachita nayo manyazi ngati malaya a zigamba.

Ndiye anaona chipepala chomatidwa pa sitolo: ofesi ina yopezera anthu ntchito kunja ikufuna alonda makumi asanu a m'mahotela a ku Dubai. Kuyambira tsiku limenelo Lufeyo anasiya kupalira. Anagulitsa fodya wake yense wa chaka chimenecho n'kutenga pasipoti, ndipo akamayenda ankayang'ana kumwamba ngati ndege yake yachedwa.

M'mawa wa ulendowo, a Kadzamira podutsa pa njinga anamukuwira Ndaziona akusesa pabwalo: "Muwauze bambo a kunyumbako akajambulitse mapepala awo! Zojambulazo ndizo apereke, zenizenizo asunge!" Koma nthawi imeneyo mwana ankalira, mbuzi zinali zitalowa m'dimba, madzi osamba akuwira. Uthenga unafika pamsewu utaonda.

"A Kadzamira akuti mukajambulitse mapepalawo," anatero Ndaziona minibasi itaima. "Ena mupereke, abwinowo musunge."

"Ndamva, ndamva! Ukundiyesa sindinapite kusukulu?"

Amayi a kwaya anayimba nthungululu, minibasi n'kunyamuka.

Atafika ku Limbe, Lufeyo analowa m'kasitolo ka fotokope. Mtsikana wa pamakina anaika satifiketi pagalasi, kuwala kunayenda uku ndi uku, pepala n'kutuluka likutentha. Lufeyo atalitenga anangoti kukamwa yasa. Pepala loyera mbee! Banga la mafuta lazimiririka. Modonthera mvula muja simukuonekanso. Ngakhale ngodya imene inadyedwa ndi mphemvu ija yamera!

"Chemwali, makina anuwa amachapanso?"

Mtsikanayo anaseka. "Amasitanso, achimwene."

Anajambulitsanso pasipoti, ndipo nkhope yake inatuluka yaikulu kuposa ya m'kabuku muja, ndevu zonse zikuwerengeka. Kenako anaona anthu akumatitsa mapepala awo m'pulasitiki, nayenso anafuna.

"Timate yakaleyi eti?" anafunsa mtsikanayo.

"Yothaitha imeneyo? Ndiwonongerenji ndalama pa sanza? Matani yatsopanoyi!"

Mtsikanayo anamuyang'ana, n'kuyang'ana mnzake, kenako anakweza mapewa. "Ndalama ndi zanu."

Ali panja, Lufeyo anaika mapepala onse pabondo n'kuyamba kulingalira mawu a aphunzitsi. Ena upereke, abwinowo usunge. Kudzanja lamanzere kunali zakuda, zopindikapindika, zonunkha sutikesi. Kudzanja lamanja zonyezimira ngati galasi. Kodi pamenepa mpofunika kuitana wina kuti akuuze zabwino ndi ziti? Zonyezimirazo anazilowetsa m'kati mwa malaya, n'kumanga mabatani mpaka pakhosi.

Ofesi ija inali pamwamba pa sitolo ya misomali. Pakhoma panali chithunzi cha ndege, pabenchi anthu ali thithithi, aliyense ndi envulopu yake. Mkulu wa pamenepo ankangotchedwa a Manijala. Anali ndi tayi yofiira, mafoni atatu, ndipo aliyense ankamutchula kuti bwana, ngakhale wovala nkhwaira.

"Bwana Lufeyo! Khalani, khalani. Dubai ikukudikirani. Mapepala tione."

Lufeyo anatsegula envulopu yake. Anatulutsa satifiketi yakale ija pang'onopang'ono, chala chake chitabisa podyedwa ndi mphemvu. Mumtima ankati, andigwira pano, anena kuti bwanji mukutipatsa zinyalala. A Manijala anailandira, anasisita ndi chala chachikulu pa chidindo chotukuka chija, anaiyang'ana padzuwa, n'kumwetulira mano onse.

"Awa ndiye mapepala amene timafuna ife. Pasipoti nayonso musiye, tikadindemo viza."

Zonse zinalowa m'dirowa, kiyi khethe! Lufeyo anapereka ndalama yolembetsera, n'kufunsa ngati pali karisiti.

"Risiti, bwana, ndi ya anthu osakhulupirirana. Ife ndi inu ndife banja. Masabata awiri foni ilira, mukonzeretu jekete."

Potuluka, mayi wina wachikulire amene anali pabenchi anamukoka malaya. "Bambo, ndaona bwino? Mwasiya zenizeni?"

Lufeyo anawerama n'kunong'ona, "Chete, mayi, mungandiululitse. Ndawapatsa zakutha. Zabwino zili muno." Anadzimenya pachifuwa, pulasitiki n'kulira kuti phwa phwa.

Anatsika masitepe akudumpha awiriawiri. M'minibasi monse ankaseka yekha, mpaka kondakitala anamufunsa ngati ali bwinobwino.

Kumudzi anafika ngati wochokera kunkhondo. "Anthu a m'tauni amati ndi ochenjera! Munthu wa tayi, mafoni atatu, koma ndamuphika ali maso!" Anatulutsa zonyezimira zija, anthu n'kumapatsirana, ena kudziyang'anirapo nkhope. A Chimbalanga, amene sadziwa kuwerenga, anagwira satifiketiyo chadodolido n'kunena kuti, "Koma mphwanga, sukulu inakupindulira." Loweruka lake malumewo anapereka mbuzi yawo ya tonde kuti anthu atsanzikane naye, Lufeyo n'kulonjeza kuti malipiro oyamba akadzangofika abweza ziwiri. Anthu anadya, anavina ngoma, wina anaitanitsa wotchi, wina foni, amayi a kwaya anaitanitsa yunifolomu.

Masabata awiri anatha. Lufeyo ankakhala pachulu kuyambira m'mawa, foni ili m'mwamba, poti m'pamene netiweki imagwira. Foni inalira kamodzi, koma anali alamu ake kufunsa ngati yalira. Mwezi unatha. Wachiwiri. Wachitatu anthu anayamba kumupatsa moni woti, "Mwadzuka bwanji a ku Dubai? Kukutentha kumeneko?"

Mwezi wachinayi kunamveka kuti kopaletivu ya alimi a mbatatesi pa boma ikufuna kalaliki wa pasikelo. Malipiro mwezi ndi mwezi, njinga yakeyake, madzulo kugona kwanu.

"Pitani," anatero Ndaziona.

"Ine wa ndege ndikayeze mbatata?"

"Ndege yanuyo ana akudya? Pitani, bambo a Tadala, sopo watha muno."

Anapita monyinyirika, koma atafika zinamuyendera modabwitsa. Pa anthu khumi ndi awiri, iye yekha ndiye anawonkhetsa matumba osalakwitsa. Wapampando wa kopaletivuyo, mayi Nangozo, anamugwira chanza.

"Ntchito ndi yanu, bambo. Tingoona satifiketi, Lolemba muyambe."

Apa Lufeyo anamasula mabatani mwaulemu, n'kuika chonyezimira chija patebulo ngati akupereka mphatso kwa apongozi. Mayi Nangozo anachitembenuza, anasisita pamene pamayenera kukhala chidindo, n'kuchibweza.

"Iyi ndi fotokope. Yeniyeni ili kuti?"

"Yeniyeni ndi imeneyo, mayi. Taonani kuwala kwake!"

"Bambo, chithunzi cha ng'ombe, chingakongole bwanji, sichikamidwa. Ndikufuna ija ya chidindo chomveka ndi chala."

"Yakuda ija? Ya mphemvu?"

"Ngakhale ikhale ya makoswe. Mubwere nayo pofika Lachisanu. Kupanda apo tiitana wachiwiri wanu."

Lufeyo anatola chonyezimira chake n'kutuluka. Kutacha anali kale pa minibasi ya ku Limbe. Anakwera masitepe aja akuthamanga, kukankha chitseko, n'kupeza amayi anayi atakhala pamzere, mitu ili m'zipewa zowumitsira tsitsi. Chithunzi cha ndege chinali pomwe paja, koma pansi pake atapachikapo mawigi.

"Odi... a Manijala alipo?"

Mwini saluniyo sanasiye n'komwe kuluka. "Inu ndinu wa nambala fote kufunsa. Anasamuka mwezi wa Juni, osatsanzika ngakhale eni nyumba. Mukufuna kumeta?"

"Nanga dirowa? Panali dirowa apa!"

"Anasiya ndege yokhayo, achimwene. Mukaifuna tengani."

Anaimba foni yoyamba, sikupezeka. Yachiwiri, sikupezeka. Yachitatu anayankha munthu wogulitsa makala ku Bangwe. Lachisanu linamupeza akuzungulira m'misewu ya Limbe, kusuzumira aliyense wa tayi yofiira.

Loweruka masana banja linakhala pansi pa mtengo wa mango kwa a Chimbalanga. Inali nyengo ya mwera, mphepo ikuwomba mwa apo ndi apo. A Kadzamira anali atabwerako ku Kasungu, ndipo atamva nkhani yonse anagwira kumutu.

"Ine ndinati zenizenizo asunge!"

"Kwa ine kunafika kuti abwinowo!" anakuwa Lufeyo akuloza mkazi wake.

"Nanga zenizeni si ndiye zabwino?" anayankha Ndaziona. "Ine ndinalekeza Sitandade 5. Wa Folomu 4 ndi ndani pano?"

Alamu aja anayang'ana kumbali mapewa akugwedezeka. A Chimbalanga sanaseke. Anatulutsa kabotolo kawo ka fodya wa mphuno, anakagogoda pabondo, n'kuthira kafodya komaliza pa chala. Asanafwenkhe anati, "Ndiye mphwanga, tinene kuti satifiketi yapita."

"Sinapite, malume! Ndi yanga ndithu. Pali dzina langa. Kungoti ili m'manja mwa wina."

"Chili m'manja mwa wina n'chako?"

Lufeyo anaimirira, poti pa mtsutso ndiye sankagonja. Anayandikira n'kuloza chala cha malume ake. "Taonani, ndikupatseni chitsanzo. Fodya uyu watuluka m'botolo, eti?"

"Watuluka."

"Sali m'thumba mwanu, sali m'mphuno mwanu. Ali panja, pamtetete. Koma ndi wa yani?"

"Ngwanga."

"Basi! Imani pomwepo, musafwenkhe, anthu aone. Chinthu chingatuluke bwanji, mwini wake sasintha. N'chimodzimodzi satifiketi ya..."

Mphepo inangoti kuchokera kudambo, phuu! Masamba a mango balala, chitenje cha Ndaziona m'mwamba, ndipo fodya yense uja anachoka pachala n'kukathera pankhope pa Lufeyo. Munthu anayetsemula kasanu motsatizana, misozi ili chuchuchu, akupalasa m'mwamba ngati wagwa m'madzi. Anthu anagwa nacho chiseko, ngakhale a Kadzamira anavula magalasi.

A Chimbalanga anayang'ana chala chawo chili mbee, anasuzumira m'kabotolo mopanda kanthu, kenako anayang'ana mphwawo.

"Tapitiriza, mphwanga. Umati ngwa yani?"

Lufeyo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, n'kuyetsemulanso.

Ntchito ya pasikelo anaitenga mwana wa a Soko, amene satifiketi yake inali yakuda kuposa ya Lufeyo, koma inali m'manja mwake. Kunena za zimene sizinabwere mpaka lero, ndi izi: satifiketi imodzi, pasipoti imodzi yosakwerapo ndege, tonde wa a Chimbalanga ndi mnzake wolonjezedwa uja, ndi fodya chala chimodzi. Zonyezimira zija zilipo, Ndaziona amavindikirira mtsuko.

Ndiye inu, wa tayi akakuuzani kuti siyani mapepala anu pano, ndife banja, mupatseni chojambula, chenichenicho angochiona chili m'dzanja lanu, mubwerere nacho. Akakana, tsikani masitepe. Paja a Chimbalanga, akupukuta chala chawo pa thalauza tsiku lija, ananena mawu amene tikunenabe mpaka pano: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.