Buku Lofiira Limene Ndinalembamo Apongozi Anga

Mpaka lero ndikaona buku la chikuto chofiira m'sitolo ndimayang'ana kumbali. Buku lotero linandiyalutsa kubanja la amuna anga, ndipo wolemba zonse zinali m'menemo ndinali ine ndemwe, ndi bolopeni yanga.

Ndili ndi satifiketi yophunzitsa ana a nasale. Chaka chatha ndinayamba dipuloma ku yunivesite ina ya ku Lusaka, maphunziro aja ochitira kunyumba n'kumangopitako pa holide. Tinalembetsa awiri, ine ndi mlamu wanga Fostina, mlongo wa amuna anga. Kuti zitheke, apongozi anga anasiya malonda awo a nsomba zouma za ku Zumbo, tsidya lina la mtsinje, n'kubwera kudzandilerera Dalitso, mwana wanga wa zaka ziwiri. Amuna anga amayendetsa lole, kunyumba amafika ngati mlendo. Ndiye amayi aja atangoti ndatopa, ndikubwerera kunsomba, ine ntchito ndi sukulu zonse zathera pomwepo.

Mphunzitsi wathu wina, mayi wa magalasi amene tinkangowatcha a Dokota, anatiuza tsiku loyamba kuti iwo mayeso olembera m'holo sawakhulupirira.

"Munthu amaloweza Lachitatu, kulemba Lachinayi, pofika Lachisanu waiwala zonse," anatero. "Ine ndikufuna ndione ngati muli ndi maso."

Anati aliyense asankhe mwana mmodzi, amuyang'anitsitse masabata asanu ndi limodzi, ndipo tsiku lililonse alembe zinthu zitatu: zimene waona, zimene waphunzirapo, ndi zimene iye mwini asinthe. Chilankhulo chilichonse. Lachisanu lililonse tizijambula masambawo pa foni n'kuwatumizira. "Lembani zoona, musandikometsere."

Ndinasangalala kwambiri (ine mayeso amanditsegula m'mimba kutatsala sabata yathunthu). Ndinasankha Dalitso, poti ndi amene anali pafupi. Ndikaweruka ndinkakhala pansi pa mtengo wa masau kuseri kwa khichini, chifukwa masana kuno ku Luangwa m'nyumba mumakhala ngati mu uvuni, n'kumalemba.

Sabata yoyamba ndinalemba ngati munthu wophunzira. Dalitso wanena mawu atsopano, Dalitso waunjika tizitini titatu. Koma mwana wokhala ndi agogo ake tsiku lonse simungamulembe agogowo osalowamo. Sabata yachiwiri analowa. Yachitatu Dalitso anatuluka, m'buku munatsala apongozi okha.

"Lero agogo athira mchere m'phala ngati akufuna kuyanika mwanayo n'kukamugulitsa ku Zumbo."

"Lero amubereka kuyambira m'mawa. Mwana ameneyu adzaiwala kuti ali ndi miyendo."

"Agogo amalankhula ngati wailesi imene batani lozimitsira linathyoka."

(Ndikuvomera, ya wailesiyi nditalemba ndinadzisirira.) Mumtima ndinkati, a Dokota ali ku Lusaka, apongozi anga sadzakumana nawo mpaka kalekale. Ndinali nditapeza munthu wondimvera madandaulo, wondipatsanso mamakisi.

Sabata yomaliza a Dokota anatumiza uthenga wa mawu pa gulu lathu la pa foni. Anati mabuku tisawatumize pa basi ku Lusaka. Aliyense asinthane ndi mnzake wa m'boma lomwelo, tichongerane motsata mafunso atatu aja, chifukwa mphunzitsi ayenera kudziwa kuyeza ntchito ya mnzake.

M'boma lonse la Luangwa ophunzira tinalimo awiri.

Ndinawaimbira a Dokota nthawi yomweyo. "A Dokota, kodi sindingasinthane ndi wa ku Chongwe?"

"Chifukwa?"

"Mnzanga wa kunoyu ndi mlamu wanga."

"Ndiye bwino kwambiri, mwanayo akumudziwa. Aona ngati munalemba zoona."

Ndinagula buku lina kuti ndilembenso zonse mwaulemu. Nditafika tsamba lachinayi ndinakumbukira kuti zithunzi za masamba enieni zili kale ku Lusaka. Apa nzeru zinandithera, ndipo zimene ndinachita ndikuchita nazo manyazi. Ndinaimbanso.

"A Dokota, buku lija mbuzi yadya."

"Pepani mayi. Ndinu wachitatu chaka chino, mbuzi zikukonda sukulu. Musadandaule, zithunzi zonse ndili nazo, ndimutumizira mlamu wanuyo pa foni."

Pa foni! Chinthu chimene munthu angatumizire banja lonse ndi chala chimodzi! Ndinati ayi, ndiyang'anenso bwino, mwina mbuzi yangonyambita chikuto.

Loweruka ndinapita nalo buku lofiira lija kwa Fostina. Anakhala pakhonde ndi bolopeni yofiira, ine chilili ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Poyamba ankaseka. Kenako kuseka kunatha.

"Mulamu, wailesi iyi ndi amayi anga?"

"Ndi fanizo chabe, mulamu."

"Nanga apa pa kuyanika mwana?"

"Naponso fanizo."

Anawerenga mpaka kumapeto, n'kulemba anayi pa khumi.

"Za amayi sindikukana, mchere amathiradi, ifenso tinakulira womwewo," anatero. "Koma funso lachitatu likuti zimene inuyo musinthe. Inu masamba onsewa mwalemba zimene amayi asinthe. Mwini buku mulibemo. Manje mverani: ine sindiwauza. Muwauze nokha Sondo isanadutse. Mukapanda kutero ndidzawawerengera ndekha, ndi mawu okweza ngati kutchalitchi."

Pobwerera ndinayenda pang'onopang'ono, m'maganizo ndikuwaona amayi atamanga katundu wawo akutsetserekera kudooko, ine ndikulemba kalata yosiya sukulu. Ndinawapeza akuyanika masau pamphasa, Dalitso ali kumsana (inde, kumsana). Ndinagwada patali pang'ono.

"Amayi, ndakulakwirani. M'buku la kusukulu lija ndinalembamo zinthu zosayenera za inu."

Sanatukule n'komwe mutu. "Ziti? Za wailesi, kapena zoyanika mwana?"

Ndinafunsa msangamsanga: "Fostina wakuuzani kale?"

"Fostina wa chiyani? Amake Dalitso, inu simulemba ndi dzanja lokha. Pakamwa panu pamalembanso. Mukakhala pansi pa mtengo apo mawu aliwonse mumawatchula, ine ndili m'khichini umu, khoma lake la bango. Buku lanu ndinalimaliza kalekale, ndisanaligwire."

Ndinafuna nthaka ing'ambike.

"Nanga osandikalipira bwanji, amayi?"

"Ndikanakukalipirani mukanasiya, ine n'kumva chiyani masana? Koma chinandinyansa n'chimodzi. Mchere ndinachepetsa tsiku lomwe lija munanena. Ndinadikira kuti mulembe. Sabata yonse ndinatchera khutu, ayi ndithu. Aphunzitsi anuwo amati akufuna maso, si choncho? Maso anu anali kuti?"

Phala la mwana wanga ndinali ndisanalilawenso kuyambira tsiku lija. Ndinali wotanganidwa, ndikulemba za mchere.

Katundu sanamange. A Dokota anagwirizana ndi anayi a Fostina, koma anandipatsa masabata awiri kuti ndiyankhe funso lachitatu bwinobwino. Chiganizo choyamba ndinalemba kuti ndizilawa phala ndisanatsegule buku. Ndinakhoza, ngakhale mopulumukira pakamwa pa ng'ona.

Temu ino a Dokota atiuzanso kuti tilembe buku lina. Ndinagula la chikuto chobiriwira, ndipo ndikamalemba ndimaika njere ya masau m'kamwa kuti milomo isayende. Dzulo lomweli ndili chete pansi pa mtengo, ndinamva mawu kuchokera m'khichini:

"Amake Dalitso! Wailesi yathu ija yatha mabatire?"